Kodi Madziwo Anafika?

A Dalaiva anali munthu wosadziwa kukhala pansi. Moyo wawo wonse anathera pa chiwongolero cha thiraki, ndipo akazi awo ankanena kuti ngakhale ali m'tulo, phazi lawo linkafunafuna buleki pansi pa bulangeti. Ndiye impso zitasiya kugwira ntchito, dokotala n'kuwauza kuti azibwera kuchipatala tsiku lina, lina kupuma, kudzakhala pampando theka la tsiku makina akuwatsuka magazi, iwo anafunsa funso limodzi lokha.

"Makinawo sangakwere pagalimoto?"

Dokotala anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Sinali nthabwala.

Chipinda chotsukira magazi chinali kumapeto kwa khonde lalitali. Munali mipando ikuluikulu yotsamira, uliwonse ndi makina ake pambali, otalika ngati firiji. Mawindo anali m'mwamba, moti munthu akakhala ankangoona thambo ndi nsonga ya mtengo. Pakhoma panali tivi ndi kamakina koonetsera zimbale, ndipo pansi pake panali katoni ya mafilimu akale imene abale a wodwala wina anasiya kalekale.

Namwino wamkulu, amene aliyense ankawatchula kuti a Sisita, anawabaya masingano pamkono n'kulumikiza machubu.

"Mkono uwu musaugwedeze, bambo."

Mkono sanaugwedeze. Koma mwendo unayamba ulendo wake wokha.

"Bambo, mwendowo," anatero mayi amene anali pampando wa kumanzere. Anali mayi wojintcha, wa magalasi okhuthala, amene anasoka zovala za anthu mpaka pamene matenda anawachotsa pa mashini. M'chipindamo ankangoti a Telala. "Mukugwedeza ndi mpando wanga womwe."

"Pepani, mayi. Kodi filimu imeneyi iyamba liti?"

"Inayamba kalekale."

"Nanga bwanji palibe chikuchitika? Mtsikanayu wakwera masitepe ndi kandulo, watsika ndi kandulo, wakweranso. Akusaka chiyani, mphaka?"

"Mvetserani chitseko."

Pa tivi, m'nyumba yaikulu yopanda mtundu uliwonse koma kuda ndi kuyera, chitseko chinatseguka chokha pang'onopang'ono. Kuseri kwake kunalibe munthu. A Telala anakokera nsalu yawo pachifuwa, akumwetulira.

"Basi?" anafunsa a Dalaiva. "Mzukwawo uli kuti?"

"Ndiye kukoma kwake kumeneko. Za masiku ano amakuonetsani chinkhope chamagazi ngati munthu wagwera m'ndowa ya penti. Akalewa anali ndi ulemu. Iwo amangokupatsa nsalu, manthawo umasoka wekha."

"Ine mizukwa imandikwiyitsa ndi ulesi. Munthu wafa. Safunanso pasipoti, safuna mafuta, palibe wapolisi angamuimitse pamsewu. Dziko lonse lili yasa pamaso pake. Iye n'kusankha kukhala m'nyumba yomweyo, kumasuntha mipando! Ndikanakhala ine, maliro asanathe ndawoloka kale malire."

Kumanja kunamveka kakutsokomola kaulemu. Kunali bambo woonda, atafunda bulangeti mpaka m'khosi, koma pamwamba pa bulangetilo pakuoneka mfundo ya tayi. Awa anali a Kalaliki, amene anapuma ntchito ya muofesi koma tayi anakana kupuma nayo.

"Nonse mukutaya malovu," anatero motsitsa mawu. "Mzukwa sungatsegule chitseko. Ulibe kulemera."

Umu ndi mmene anadziwirana.

Lamulo la katoni ija linali losinthana: lero kusankha uyu, ulendo wotsatira uyo. Odwala ena m'chipindamo ankagona kapena kutseka makutu ndi nyimbo za m'foni, choncho nkhondo inali ya atatuwa. Itafika nthawi ya a Dalaiva, anavundukula katoni yonse ndi dzanja limodzi mpaka anapeza filimu ya zigawenga za m'tauni, zovala zipewa ndi majasi aatali, zolankhulira m'mbali mwa pakamwa.

"Izi ndiye filimu," anatero. "Munthu akanena kuti ndikubwera, amabweradi."

A Telala anaonera kwa kanthawi, diso lili pa zovala.

"Suti ya bwana waoyo anaisoka munthu wodziwa. Onani phewa mmene lakhalira. Koma anthu ake ndi ana. Kupha anzawo tsiku lonse, kenako kukakhala patebulo kwa amayi awo, manja m'mwendo, ngati tiana ta sukulu. Ndipo mkazi aliyense m'filimuyi ntchito yake ndi kulira pawindo."

"Komanso mfuti zawo sizitha zipolopolo," anawonjezera a Kalaliki.

"Inu simukuona," a Dalaiva anadzuka pang'ono, makina n'kulira, a Sisita n'kuwaponyera diso. Anatsamiranso. "Munthu wa ntchito m'gulu lonseli ndi mmodzi, woyendetsa galimoto. Enawa amangolowa m'banki n'kukuwa. Iye ali panja, injini ili moto, maso kutsogolo, maso kumbuyo. Onani mmene wakhotera apa! Koma dzina lake silitchulidwa n'komwe, ndipo akayamba kufa, woyamba ndi iyeyo."

Za a Kalaliki zinali zina. Iwo sankasankha filimu, ankapitiriza sewero lakale la pa tivi la magawo ambirimbiri, limene zimbale zake zinali m'bokosi lakelake. Linali la chombo cha m'mlengalenga chonyamula madzi kupita nawo kudziko lina louma, kutali kuseri kwa nyenyezi, kumene anthu ankadikira. Kaputeni wake anali bambo wa ndevu zapamlomo zazikulu ngati tsache. Gawo lililonse chinachake chinkawachedwetsa: zolengedwa za mitu ya labala, makina opanduka, dziko limene nthawi inkayenda chobwerera.

A Dalaiva anayamba ndi kunyoza.

"Makomawa ndi a makatoni. Taonani, wagunda khoma, khoma lagwedera! Ndipo ulendo wonsewu palibe amene watsika kukaona matayala. Chimbudzi sindinachione. Bwana wanga akanandichotsa ntchito pa gawo lachiwiri."

"Mayunifomu ake alibe matumba," anatero a Telala. "Mpango amaika pati?"

"Anthu amene anapanga izi analibe zipangizo," anayankha a Kalaliki, osachotsa maso pa tivi. "Anali ndi maganizo. Masiku ano zipangizo ndi mbwee, maganizo ndiye mulibe."

Koma patapita miyezi, kunyoza kwa a Dalaiva kunasintha mtundu. Pajatu kaputeniyo anali wonyamula katundu ngati iwo, wochedwa panjira, eni katundu akudikira. Ndiponso m'chipinda chimenecho aliyense anali ndi ludzu. Madzi ankawamwa mochita kuyeza, timakapu tochepa pa tsiku, chifukwa thupi silinkawatulutsanso. Ndiye tivi ikaonetsa mathanki a chombo chija, madzi akuwinduka mkati, atatu onse ankameza malovu, zii.

Tsiku lina a Sisita anatsegula bokosi kuti aike chimbale chomaliza, n'kupeza malo ake ali mbee.

"Mulibe," anatero, akuwaonetsa.

Anakhuthula katoni yonse, anayang'ana kuseri kwa tivi, m'madilowa. Sichinapezeke. A Kalaliki anangoti, "Palibe kanthu," n'kutseka maso. Mwana wawo wamkazi anayesa kufufuza pafoni, koma anangopeza nyimbo yoyambira seweroli ndi zithunzi zingapo.

Nthawi imeneyo n'kuti a Kalaliki atayamba kale kufooka. Khosi la malaya linkawakulira sabata ndi sabata, ndipo makina awo ankalira kawirikawiri. Anasiya kutsutsa za mizukwa. Tsiku lina, filimu ya zigawenga ili mkati, analankhula osatsegula maso.

"A Dalaiva."

"Bambo."

"Inu munayenda maulendo otere. Mukuona kuti madziwo anafika?"

A Dalaiva anayang'ana nkhope ija, kenako bokosi la zimbale lija.

Kutacha, tsiku lopuma, anavala nsapato n'kutuluka osanena kumene akupita.

Anayambira kwa anyamata ogulitsa mafilimu pafupi ndi pokwerera mabasi. Anawaseka. "Madala, zimenezo ndi za nthawi ya agogo athu. Tikuikireni zatsopano m'foni?" Anapita kumene kale kunali sitolo yobwereketsa mafilimu, anapeza akugulitsa matayilosi. Wina anawalozera kwa wokonza mawailesi, wokonza mawailesi anawalozera kwa mlamu wake, mlamuyo anali atasamuka. Kulikonse ankafotokoza chimodzimodzi, manja ali m'mwamba: chombo chonga botolo, kaputeni wa ndevu zotere, madzi. Tsiku lopuma lotsatira anatulukanso, lotsatiranso chimodzimodzi. Ankabwerera madzulo mapazi atatupa ngati mitanda ya buledi. Ndipo poyenda padzuwa ankamwa. Kapu apa, kabotolo apo.

Sikelo ya kuchipatala sinama. A Sisita anayang'ana manambala, anayang'ana a Dalaiva, n'kuitanitsa akazi awo.

Kunyumba, mayiwo anadikira kuti avule nsapato, zimene zinavuta kuvuka.

"Abambo, mukumapita kuti?"

"Kowongola miyendo."

"Miyendo yake iti? Iyi yasanduka mipiloyi? Ndikudziwa ine. Mukumapita kudepoti, kukapempha kuti akupatseninso thiraki."

"Ndinangodutsako kamodzi. Kupereka moni."

"Moni! Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira munthu amene ali panjira. Ana akula ndikuwauza kuti bambo anu akubwera mawa. Lero Mulungu wakukhazikani pansi, inu mukufuna mukagwere m'ngalande, ine ndidzamve kwa anthu?"

A Dalaiva anazungulira tebulo, anasuzumira pawindo, anabwerera, kenako n'kufotokoza zonse: a Kalaliki, bokosi, chombo, kaputeni. Akazi awo anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Ndiye mukufuna kufa chifukwa cha katuni?"

"Si katuni. Ndi anthu enieni. Makoma okha ndiwo a makatoni."

Mayiwo anachotsa manja m'chiuno.

"Mawa tipitira limodzi," anatero. "Botolo la madzi ndinyamula ine. Ndipo tikwera basi, sitiyenda pansi ngati osowa kwawo."

Mayiwa mafilimu sankawakonda n'komwe. Ankati za mizukwa n'zoitana matsoka m'nyumba, za zigawenga n'zophunzitsa ana kuba, za m'mlengalenga n'za anthu amene anakhuta. Koma misika ankaidziwa kuposa amuna awo. Sanapite kwa ogulitsa mafilimu. Anapita kumene amagulitsa katundu wakale wa m'nyumba: matilesi, mapoto opanda zivundikiro, mafani othyoka khosi.

"Zinthu zakale zimathera kuno," anatero. "Anthu akamwalira, ana awo sasankha, amangokokolola."

Pa sitolo ina, kuseri kwa mulu wa mipando, panali thumba lodzaza zimbale. Mwini sitolo anati anthu amagula zomangirira m'minda kuti ziziopseza mbalame. A Dalaiva anayesa kuwerama, mutu unazungulira, akazi awo n'kuwakhazika pa sofa wong'ambika. Anagwada okha n'kuyamba kutulutsa chimodzichimodzi, fumbi lili koboo. A Dalaiva mwendo uli gwedegwede, kulangiza ali pampando.

"Icho ayi. Icho n'cha nkhonya. Mukuchedwa, amayi."

"Khalani chete, mundisokoneza."

Atatsala pang'ono kufika pansi pa thumba anaimika dzanja. Anapukuta chimbale china ndi mpango, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Ndevu zake n'zimenezi? Zonga za mlonda wa kutchalitchi uja?"

Anali kaputeni. Pambali pake panali nambala ya chimbale chosowa chija. Koma zolemba zonse zinali m'zilembo zachilendo, zopindikapindika, zimene ngakhale a Dalaiva, ndi malire onse amene anawoloka, anali asanazionepo.

Pofika tsiku lotsatira la makina, a Kalaliki anali atagonekedwa m'wodi ya pamwamba. Anawatsitsa pa chikuku, mwana wawo akukankha. Tayi panalibe. A Dalaiva sanathe kudikira kuti awalumikize machubu. Anatulutsa chimbale m'thumba la jekete n'kuchikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira.

A Kalaliki anachiyang'ana.

"Mwachipeza kuti?"

"Kumene mbalame zimaopa," anayankha akazi a Dalaiva, amene tsiku limenelo anapempha kukhala nawo pa kampando ka pakhomo.

Nyimbo yoyambira inalira. Chombo chinaoneka. Kaputeni anatembenuka, n'kutsegula pakamwa, ndipo munatuluka chinenero chimene palibe anachimva, mawu ake onenepa, osagwirizana ndi milomo.

"Ayi!" anatero a Telala. "Amulodza kaputeni?"

A Sisita anadina mabatani onse a rimoti. Chinenero chinali chomwecho basi. A Dalaiva anayang'ana a Kalaliki, kenako anakonza kukhosi.

"Ine ndamva. Akuti, anyamata, mafuta atsala pang'ono, ndipo amene waba sipanala yanga abweze tisanayambane."

"Bodza," anatero a Telala. "Taonani maso ake. Akuti, usiku ndinamva munthu akuyenda m'thanki."

"Uyu wamakutu ataliatali akuti, bwana, tigulitseko madzi pang'ono panjira, eni ake sadziwa," anatero a Dalaiva.

"Akuti mkazi wanga amene ndinamusiya kwathu waima kumbuyo kwanu," anayankha a Telala.

Odwala ena anachotsa zam'makutu. Wina anayamba kuseka mpaka kutsokomola. A Kalaliki okha sanaseke. Maso awo anali pa tivi, akutsatira chilichonse, ndipo nthawi ina anakweza chala, onse n'kukhala chete. Pa windo la chombo panaoneka dziko lofiira, louma, likukula pang'onopang'ono. Anthu a m'chombo anakumbatirana. Kenako magetsi a m'chombomo anathima. Kunamveka kugogoda kuchokera kunja kwa chombo. Kaputeni anatembenuka, nkhope yake n'kudzaza tivi yonse, ndevu zikunjenjemera. Panatuluka zilembo zopindika zija, nyimbo n'kulira.

"Pitirizani, a Sisita," anatero a Dalaiva.

"Chathera pomwepa."

Mwana wa a Kalaliki anayang'ana pafoni, n'kulankhula mwamantha. "Ababa, apa alemba kuti sewerolo analisiyira panjira. Gawo lotsatira sanapange."

A Dalaiva anayang'ana mapazi awo. Masiku onse aja, mapazi aja, kuti abweretsere munthu wodwala chinthu chopanda mathero. Anatembenuka kuti apepese.

"Akuba!"

Anali a Kalaliki. Mawu amene anatuluka m'chifuwa choonda chija anadzidzimutsa chipinda chonse.

"Akuba opanda manyazi! Kutiyendetsa mtunda wonsewu n'kutisiya pakhomo! Muofesi mwathu munthu wosiya ntchito chonchi tinkamuitanitsa ngakhale ali pa tchuthi!" Anamenya mpando ndi dzanja, makina n'kuyamba kulira. A Sisita anathamanga.

"Bambo, mkono! Mkono!"

"Musadandaule, a Kalaliki," anatero a Dalaiva mofulumira. "Anafika. Ine ndikudziwa. Wogogodayo ndi wa pachipata, akufuna mapepala a katundu. Magetsi ndi batire chabe."

"Pepani, koma anthu aja anafa kalekale," anatero a Telala. "Ine ndinazindikira pakati pomwe. Ulendo wa zaka, yunifomu osatha m'zigongono? Wogogodayo wabwera kudzawauza."

"Nonse awiri simunamvetse kanthu," anatero a Kalaliki, akupuma mwabefu, koma m'maso muli moto umene unali utazima kwa miyezi. "Kuyambira gawo loyamba simunamvetse. Inu mumayang'ana matayala, inu matumba. Tandikwezani pilo."

Mwana wawo anawakweza. Ndipo analankhula, kupumira, kulankhulanso. Anati anthu a kudziko louma sakanakhala manja lende zaka zonsezo. Anakumba, anapeza madzi awoawo, anamanga zombo zawo. Wogogodayo anali mmodzi wa iwo, wobwera kudzachingamira alendo amene katundu wawo sankafunikanso. Funso la gawo lotsatira, anatero, likanakhala lakuti kaputeni achite chiyani ndi moyo wake tsopano.

"Ndiye ulendo wonse uja wachabe?" anafunsa a Dalaiva, atakwiya zenizeni. "Ayi, zimenezo ndiye ndikukana. Katundu ndi katundu. Asayinire basi."

"Mwina amwetse ng'ombe," anaponyamo akazi awo ali pakhomo paja.

Anakangana mpaka makina onse anamaliza, a Sisita n'kuchita kuwabalalitsa.

A Kalaliki atatuluka m'wodi, mwana wawo anawatenga kukakhala nawo kumzinda wina, kumene kunali chipatala chapafupi ndi nyumba yake. A Kalaliki ankaimba foni masana a tsiku lopuma, moni pang'ono, kenako mfundo yatsopano imene aiganizira yokhudza wogogoda uja. A Dalaiva ankayankha akuzungulira bwalo la nyumba, foni kukhutu, dzanja linalo likutsutsa m'malere. Ankatenga mfundozo kukazitula kwa a Telala, n'kubwera ndi mayankho.

M'mawa wina, a Dalaiva akumanga zingwe za nsapato kuti azipita kuchipatala, foni inalira. Nambala inali yomweyo, koma mawu anali a mwana wamkazi uja. A Dalaiva anamvetsera, anati, "Zikomo, mwanangu, limba mtima," n'kuika foni patebulo. Anatuluka panja, anafika pageti, anabwerera, analowa kuchipinda, anatulukanso. Nsapato imodzi inali yosamanga.

Akazi awo anawagwira pamkono, n'kuwakhazika pampando. Anagwada, anamanga chingwe chija.

"Nyamukani, abambo, basi ingatisiye," anatero. "A Telala asamve kwa a Sisita. Mukawauze ndinu."